Kutsatsa

Kutsatsa ndi kuonetsa malonda ako kwa anthu n'kuwauza mtengo wake, kuti wofuna agule. Amayi a pa Jenda amene amafika pa zenera la basi ya mumsewu wa M1 atanyamula tomato ndi anyezi akutsatsa. Mwini sitolo pa Mzimba Boma akamatumiza uthenga wa feteleza pa imelo kapena pa WhatsApp, nayenso akutsatsa.

Chimene ndimakondera mawuwa n'chakuti amasiyira wogula ufulu wokana. Wotsatsa amapempha, sakakamiza. Tsono musanayambe kutumizira mphunzitsi wa ku Embangweni mauthenga, mufunseni kaye ngati akuwafuna, ndipo tsiku limene wanena kuti basi, lekani. Kugula mndandanda wa manambala ndi ma imelo a anthu osakudziwani si kutsatsa ayi, n'kusowetsa anthu mtendere.

Uthengawo ukhale waufupi, poti bandulo ndi yodula. Mutu wake unene chinthucho ndi mtengo wake. Tchulani pomwe sitolo ili, ndiponso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Kwa makasitomala a ku Mzimba, alembereni m'Chitumbuka ngati mumachidziwa.