Mtolankhani amene anabwelela kum'mawa

Agogo anga ku Katete sanali kudziwa Cingelezi, koma nyuzipepala anali kuidziwa. Inali Tsopano, ya Cinyanja, imene boma linali kusindikiza kupyolela mu Zambia Information Services. Inali kufika nkhani zitazizila kale, ndipo ikawelengedwa inali kuthela kukulungila fodya. Isanabwele imeneyo kunali Mutende, imene atsamunda anayamba mu 1936 kuti munthu wakuda aziwelenga zimene bwana wasankha. Zonse ziwili zinali ndi khalidwe limodzi: mau anali kutsika kucokela ku boma kupita kumudzi. A kumudzi okwela kupita ku boma anali owelengeka.

A Mike Daka anakhwimila nchito m'nyengo imeneyo. Anagwila zaka zambili ku Zambia News Agency, ZANA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1969. Mtolankhani wa ZANA anali kulemba nkhani, mawa lake n'kuiona mu Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, kawilikawili popanda dzina lake. Kuyambila kumapeto kwa 1972 dziko linali la cipani cimodzi, UNIP, ndipo wolemba aliyense anali kudziwa pamene colembela ciyenela kuimila ngakhale palibe amene wamuuza. Pambuyo pake a Daka anatsogolela ZAMCOM, sukulu ya ku Lusaka yosula atolankhani.

Ambili akafika pamenepo amangodikila penshoni. Iwo anacoka mu Lusaka. Masankho a 1991 anali atatsegula njila ya mawailesi osakhala a boma, Radio Phoenix inali itayamba kale mu 1996, ndipo mu 2002 a Daka anatsegula Breeze FM ku Chipata.

N'cifukwa ciani munthu wa nkhani zolemba anasankha wailesi? Ine ndimaona kuti anawelengela bwino. Nyuzipepala imafuna ndalama tsiku lililonse, imafuna msewu, imafunanso Cingelezi. Mlimi wa thonje ku Sinda ali ndi kawailesi ka mabatile, ndipo amamvela ali m'munda.

Cimene cinasintha zinthu si makina, koma makalata. Pa Breeze panamveka a Gogo Breeze, amene kale anali mphunzitsi (ife a coko timanyadako pamenepa). Anthu anali kuwalembela madandaulo ao, iwo n'kuwawelenga pa wailesi, nthawi zina n'kunyamuka kukafunsa wodandaulidwayo kuti ayankhe. Mau anayamba kukwela. Mu 2018 a Harri Englund, a ku yunivesite ya Cambridge, anatulutsa buku lathunthu lonena za agogo amenewa.

Panthawiyi nyumba zakale za nkhani zinali kugwedezeka. Mu 2005 ZANA inaphatikizidwa ndi Zambia Information Services kukhala ZANIS. Mu 2016 The Post, imene inavutitsa maboma angapo kuyambila 1991, inatsekedwa pa mlandu wa msonkho.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, m'nthawi ya a Sata. Sabata yatha ndinafunsa ana a m'kalasi langa, amene amagona ndi Facebook m'manja, kuti anawelengapo liti nkhani yolembedwa ndi munthu wokhala ku Vubwi. Kunali zii. Kenaka mtsikana wina kumbuyo anakweza dzanja, nati amai ake akafuna kudziwa za kumudzi amaimbila foni amalume, ndipo amalumewo amakhala atazimva pa wailesi.