Ulendo wa ku Gombe: Mwambo Umene Tinaupeza kwa Eni Dziko

Pamene ife anthu khumi ndi anayi, ana a ku Malawi okhala mumzinda wa Leicester, tinasonkha ndalama kuti tibwereke basi yaing'ono yokationetsa Skegness, Sutton-on-Sea ndi Mablethorpe, timatauni ta m'mbali mwa nyanja yamchere kum'mawa kwa England, tinali kuyenda m'njira imene inalambulidwa kale ndi anthu aumphawi a dzikolo, amene mibadwo yawo inatha isanauone mchenga umene ife tinauponda patangopita maola atatu tichokere pakhomo.

Kalelo nyanja inali ya asodzi ndi amalinyero, ndipo munthu wakumtunda analibe chokachitako. Kenaka m'chaka cha 1750 dotolo wina, Richard Russell, analemba buku lonena kuti madzi a m'nyanja achiritsa nthenda munthu akawamwa ndi kusambamo. Pomwepo olemera anayamba kukhamukira ku Brighton pangolo za akavalo, kufikira ndi mwana wa mfumu yemwe, amene pambuyo pake anakhala George IV, anadzimangira nyumba yachifumu kumeneko. Koma woomba nsalu ndi wosoka nsapato, amene anali kugwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, nyanjayo ankangoimva m'nyimbo za m'kachisi.

Amene anatsegula chipata anali mmisiri wa matabwa, mlaliki wa mpingo wa Baptist, dzina lake Thomas Cook, munthu wodana ndi uchidakwa umene unali kupasula mabanja a antchito. Iye atapangana ndi eni njanji, pa 5 July 1841 anakweza anthu ngati 500 m'sitima kuchokera ku Leicester kunka ku Loughborough, mtunda wa mamailosi 11, kumsonkhano wa oleka mowa, aliyense atapereka shileni imodzi yopitira ndi yobwerera. Ulendowo sunafike kunyanja, koma unaonetsa poyera chimene makolo athu ananena kale, kuti mutu umodzi susenza denga: mtengo umene ukadamkanika munthu mmodzi unapepuka pogawana ambiri. Chifanizo cha Cook chaimirira mpaka lero pafupi ndi siteshoni ya Leicester, ndipo ine ndinachilambalala zaka zitatu popita kuntchito ndisanadziwe kuti ndili naye mangawa.

Zotsala zinadza pang'onopang'ono, monga umo zidzera zabwino zonse za osauka. M'chaka cha 1871 nyumba ya malamulo inavomera lamulo la Sir John Lubbock lopatsa anthu masiku owerengeka opumula pachaka. Mu 1873 njanji inafika ku Skegness, kamudzi kamene nthawi imeneyo kanalibe ndi anthu 500 omwe, ndipo posakhalitsa mwini malowo, Earl of Scarbrough, anajambulitsa misewu yotakata namangitsa mlatho woloza m'nyanja, umene unatsegulidwa mu 1881. Kumpoto, ku Lancashire, mafakitale a thonje ankatseka sabata yathunthu, tauni yonse nipita ku Blackpool. Ndipo chimene chindikhudza mtima koposa n'chakuti antchitowo, popeza sabata imeneyo sankalandira malipiro, ankaponya timakobiri m'thumba limodzi chaka chonse kuti akagawane nyengo ya tchuthi itakwana, monga achitira amayi athu ku banki m'khonde. Tchuthi cholipidwa chinaloledwa ndi lamulo mu 1938, patapita zaka ziwiri Billy Butlin atatsegula msasa wake woyamba wa alendo pafupi ndi Skegness.

Ndege zotsika mtengo zitayamba kutengera anthu ku Spain m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, matauni amenewa anazilala, ndipo kampani ya dzina la Cook nayonso inagwa mu 2019. Tinaziona zimenezi ndi maso athu: nyumba zina zogona alendo zotsekedwa, utoto utasuluka ndi mphepo yamchere. Komabe gombe silinali lopanda anthu, pakuti panali nkhalamba zokhala pamipando zitafunda mabulangete, ana okwera abulu, ndi mabanja a Amwenye a kwathu konkuja ku Leicester atayala chakudya pamchenga.

Ku Mablethorpe tinakwera pakhoma lalikulu lotchinga madzi, lomwe linalimbitsidwa pambuyo pa usiku wa pa 31 January 1953, pamene nyanja inasefukira nipha anthu oposa 300 m'dera la kum'mawa kwa England. Mayi wina wa m'gulu lathu, wobadwira ku Nkhotakota, amene agwira ntchito yosamalira okalamba usiku ndipo anali asanaone madzi aakulu zaka zisanu ndi ziwiri, anavula nsapato natsikira yekha kumene mafunde anali kuthera. Ndipo ngakhale madziwo anali ozizira ngati matalala, anaimirira momwemo nthawi yaitali, chitenje chili m'manja, ife tonse tikumdikira osamuitana.