Valium ndi Anzake: Mmene Madokotala Anaphunzirira Kuleketsa Odwala

Mu 1955, ku Nutley m'dera la New Jersey ku America, katswiri wa zamankhwala Leo Sternbach wa kampani ya Hoffmann-La Roche anapanga mankhwala amene anayamba kugulitsidwa mu 1960 ndi dzina loti Librium. Mu 1963 kunabwera mng'ono wake, diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium. Madokotala anawalandira ndi manja awiri, ndipo chifukwa chinalipo: mankhwala ogonetsa akale, a gulu la barbiturate, ankapha munthu akapyola mlingo, pamene atsopanowa, otchedwa benzodiazepine, ankachepetsa nkhawa, kubweretsa tulo ndi kuletsa khunyu popanda ngozi yaikulu choncho. Pofika 1978, ku America kokha kunkagulitsidwa mapiritsi a Valium opitirira 2 biliyoni pachaka. Za momwe munthu adzasiyire, ndi ochepa amene anafunsa, ndipo zaka zonse zotsatira zinathera poyankha funso limenelo.

Chenjezo linalipo kuyambira pachiyambi. Mu 1961 dokotala wofufuza Leo Hollister anapatsa odwala matenda a maganizo Librium wochuluka kwa miyezi ingapo, kenako n'kuleketsa ena mwadzidzidzi. Anasowa tulo, ananjenjemera, ena anagwa khunyu. Koma popeza mlingo unali waukulu, madokotala anadzitonthoza kuti vutoli n'la okhawo omwa mopyola muyeso. Mayi akabwerera kuchipatala n'kunena kuti akangosiya mapiritsi mantha akumugwira kuposa kale, ankamuuza kuti matenda ake abwereranso, n'kumulembera ena. Mu 1977 akatswiri anapeza malo enieni mu ubongo pamene mankhwalawa amakagwira, pokulitsa mphamvu ya GABA, chinthu chimene chimaziziritsa mitsempha. Ubongo ukalandira thandizo limeneli tsiku ndi tsiku, umachepetsa khama lake. Mukachotsa mankhwala kamodzi, mitsempha imatsala ngati galimoto yopanda mabuleki pamtsetse. Mu 1981 ofufuza Malcolm Lader ndi Hannes Petursson ku London, komanso Peter Tyrer ndi anzake, anasonyeza kuti zimenezi zimachitika ngakhale kwa omwa mlingo umene dokotala analamula. Apa ndi pamene pagona nkhani: wodwalayo sanali wofooka mtima kapena chidakwa cha mapiritsi, thupi lake ndi limene linasintha. Mu 1988 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inalangiza kuti aziperekedwa kwa masabata 2 mpaka 4 okha.

Langizo limenelo linateteza oyamba kumene, koma silinathandize anthu amene anali atamwa kale kwa zaka. Amene anawaganizira ndi Heather Ashton, dokotala wa ku Newcastle upon Tyne, yemwe kuyambira 1982 mpaka 1994 anayendetsa kiliniki yothandiza anthu oposa 300 kusiya. Njira yake inali yosamutsa wodwala kuchoka pa mankhwala otha msanga m'magazi, monga alprazolam ndi lorazepam, kupita pa diazepam amene amakhalitsa, kuti thupi lisamadzidzimuke pakati pa piritsi ndi piritsi, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi, mwinanso kupitirira chaka. Chachilendo kwambiri m'nthawi imeneyo chinali chakuti liwiro ankalisiya m'manja mwa wodwala. Buku lake la malangizo, limene linatuluka mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2002, linafika kwa odwala a m'mayiko ambiri madokotala awo asanalimve n'komwe.

Otsutsa njira ya Ashton alipo, ndipo mfundo zawo si zachibwana. Amati kuchedwa kusiya kumatalikitsa ngozi: okalamba amagwa n'kuthyoka, oyendetsa galimoto amasinza, ndipo kuphatikiza mankhwalawa ndi mowa kapena mankhwala opha ululu a gulu la opioid kumaimitsa kupuma. Amatinso diazepam amaunjikana m'thupi la nkhalamba ndi la wodwala chiwindi, choncho kusamutsako sikuyenera aliyense. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo masiku ano ambiri amachepetsa mankhwala omwewo amene akumwa. Koma yoyambayo imayiwala kuti woleketsedwa mothamanga sasiyadi. Ena amagwa khunyu, ena amakasaka mapiritsi kwa ogulitsa mozemba, kumene sadziwa chimene akumeza. Dokotala amene lero akudula mankhwala mwadzidzidzi chifukwa choopa mlandu akulakwa mofanana ndi uja ankalemba mosasamala m'ma 1970, pakuti onsewa samvera zimene wodwala akunena.

Maboma ndi mabungwe anachedwa, koma anafika pomwepo. Mu 2020 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linalamula kuti pamankhwala onse a gululi palembedwe chenjezo lalikulu lakuti kusiya mwadzidzidzi kungaike moyo pachiswe. Mu 2025 bungwe la American Society of Addiction Medicine, mogwirizana ndi mabungwe ena a madokotala, linalangiza kuyamba ndi kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a mlingo pakatha masabata 2 mpaka 4, n'kuima kaye zizindikiro zikakula. Kuno kwathu diazepam ndi wofunika m'zipatala pothandiza mwana amene akuphupha, ndipo jakisoni wa kamodzi wotere sazoloweretsa thupi. Wofunika kumusamala ndi amene wakhala akumeza piritsi usiku uliwonse kwa miyezi: ameneyo asaleke yekha, akhale pansi ndi dokotala apangane mlingo wa sabata ndi sabata.