Liwu la zibwana lomwe linafukulidwa pansi pa Rome

Goloboyi akamavinavina pamzere kuti abalalitse woponya penate, olemba nkhani zamasewero m'Chingerezi amati akuchita antics. Amateronso akamanena za mwana wamasewera, phungu wochita zibwana m'nyumba ya malamulo, ngakhale pusi wolumphalumpha mumtengo. Komatu kholo la liwuli ndi antico, la Chitaliyana, lotanthauza chinthu chamakedzana. Nanga zamakedzana ndi zibwana zinakumana kuti? Zinakumana m'dzenje, paphiri la Oppio mumzinda wa Rome.

M'chaka cha 64 moto unanyeketsa mbali yaikulu ya mzindawo. Mfumu Nero inatenga malo opsawo n'kumangapo chinyumba chotchedwa Domus Aurea, kutanthauza nyumba yagolide. Nero atadzipha mu 68, mafumu ena a pambuyo pake sanafune n'kuiona komwe. Pomwe panali dziwe lake anamangapo bwalo la Colosseum, zipinda zina anazikwirira ndi dothi, ndipo mfumu Trajan inamanga nyumba zosambira pamwamba pake. Munakhala mdima wokhawokha kwa zaka pafupifupi 1,400.

Cha m'ma 1480 anthu anapeza polowera. Akatswiri ojambula, monga Pinturicchio, kenako Raphael ndi Giovanni da Udine, ankatsikiramo ndi miuni. Dothi linali litadzaza mpaka kufupi ndi denga, kotero zithunzi zomwe kale munthu ankaziona atakweza khosi, iwo ankazikhudza ndi dzanja. Ndipo zinali zodabwitsa bwanji! Munthu wophuka m'duwa kuyambira m'chiuno, chilombo chamapiko cha nkhope ya mkazi, tinsanamira toonda ngati bango titasenza denga, mphukira zopotana zomwe kunsonga kwake zikusanduka nyama. Kalekale, m'masiku a mfumu Augustus, katswiri wa zomangamanga Vitruvius anali atadzudzula kale zojambula zamtunduwu, kuti zikuonetsa zinthu zosatheka. Koma ojambula ogwira miuni aja anakopeka nazo kotheratu, ndipo Raphael ndi anzake anakakongoletsa nazo makonde a ku Vatican.

Poyesa kuti zipindazo ndi mapanga, omwe kwawo amati grotta, Ataliyana anazitcha zithunzizo grottesche. Angerezi a m'zaka za m'ma 1500 anakonda liwu lina lija la zamakedzana, nayamba kunena antic pa zokongoletsa zachilendo zoterezi. Kwa kanthawi kalembedwe kake kankasakanikirana ndi ka antique, mpaka awiriwa anapatukana: lina linapita ku katundu wakale wamtengo wapatali, lina linatsalira pa nkhope zopotoka.

Kuchoka pakhoma, liwuli linalumphira pa munthu. Wazisudzo wovala chigoba, wopotoza nkhope ndi miyendo ngati zilombo za pakhoma zija, nayenso anatchedwa antic. Apa m'pamene mbiriyi ikukoma, chifukwa kuseketsa kwake sikunali kopepuka ngati lero. M'sewero la Richard II, William Shakespeare anatchula imfa ndi dzina limeneli, ikukhala m'kati mwa chisoti chaufumu n'kumaseka mfumu. M'sewero la Hamlet, lolembedwa cha m'ma 1600, mwana wa mfumu akutchulanso liwuli pouza mnzake Horatio kuti ayamba kudzichititsa misala, bambo ake atamuonekera ngati mzukwa. M'nthabwala zimenezo munali mantha, monga amadziwira aliyense amene anathawapo chigoba ali mwana, uku akuseka uku mtima ukugunda. N'zachisoni kuti mbali imeneyi inazilala, liwu n'kutsala la tizibwana ta pabwalo la mpira.

Domus Aurea inatsegulidwanso kwa alendo mu 1999, ndipo yakhala ikutsekedwatsekedwa chifukwa cha chinyontho ndi madzi odontha kuchokera kumtunda. Dothi linachotsedwa m'zipinda zambiri, denga linabwerera kutali. Olowamo lero amakweza khosi kuti aone zilombo zija, ndipo pambali pake pali maina omwe ojambula ena anasiya padenga ataponda dothi lomwe tsopano kulibe.