Mbiri ya Mayeso a Sukulu za Pulaimale ku Migowi ndi M'chigwa cha Phalombe

Chaka ndi chaka, pamene Boma lilengeza zotsatira za mayeso a Sitandade 8, makolo a ku Migowi ndi a m'midzi yozungulira amafunsa mafunso awiri: kodi mwana wakhoza, nanga kodi wasankhidwa? Mafunso awa sali amodzi ai, ndipo mbiri yonse ya mayeso m'chigwa chino yagona pa kusiyana kwao.

Masiku a Amishoni

Pachiyambi sukulu za m'Nyasaland zinali m'manja mwa amishoni. M'chigwa cha Phalombe, chimene pa nthawiyo chinali pansi pa Boma la Mlanje, ana a Alomwe amene makolo ao anachokera ku dziko la Apwitikizi, pamodzi ndi ana a Anyanja ndi a Ayao, anaphunzira m'sukulu za m'midzi, makamaka za Mishoni ya Blantyre ndi za Akatolika. Mishoni iliyonse inayesa ana ake mwa njira yake, pa kuwerenga, kulemba, masamu ndi katekisimu. Boma linachedwa kuikapo dzanja. Atayendera dziko lino a Komiti ya Phelps-Stokes mu 1924, Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo posakhalitsa sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi, kuti iphunzitse aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi.

Mayeso a Sitandade 6

M'zaka za m'ma 1950 mwana anayambira Sub A ndi Sub B, nakwera kufikira Sitandade 3. Makalasi a pamwamba, ndiwo Sitandade 4, 5 ndi 6, anapezeka pa sukulu zowerengeka, kotero kuti mwana wa kumudzi anayenera kuyenda mtunda wautali kapena kukagonera komweko, makolo ake nalipira fizi. Pamapeto pake panali mayeso a Boma a Sitandade 6. Mnyamata wopata setifiketi imeneyi anatha kulembedwa ukalaliki pa Boma kapena m'minda ya tiyi ya ku Mlanje ndi ku Cholo, kapena kukaphunzira uphunzitsi ndi nchito ya chipatala. Koma wopanda pepalalo kawirikawiri anatsala ndi khasu, kapena ulendo wa ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni.

Khomo la sekondale linali lopapatiza ndithu. Sukulu ya sekondale ya Blantyre inayamba mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951. Ndipo ana okhoza a dziko lonse analimbirana malo ochepa omwewo. Nchifukwa chake mabungwe a eni dziko a m'maboma, ndiponso Nyasaland African Congress imene inabadwa mu 1944, sanaleke kudandaula kwa Bwanamkubwa za kuchepa kwa sukulu.

Dziko Litalandira Ufulu

M'zaka za m'ma 1960 makalasi anayamba kuwerengedwa kuchokera Sitandade 1 kufikira 8, ndipo mayeso otsiriza anakhala a Sitandade 8. Mu 1968 Chichewa chinalengezedwa chilankhulo cha dziko, nichikhala chophunzitsira m'makalasi oyamba, Chingerezi nichitenga malo kuyambira Sitandade 5. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la MANEB, limene likonza ndi kuchonga mayesowa kufikira lero. Mwana alemba mapepala 6, ndipo onse, kupatula la Chichewa, afunsidwa m'Chingerezi. Chotero mwana wosadziwa bwino Chingerezi akhoza kugwa ngakhale pa masamu amene awadziwa.

Popeza malo a ku sekondale anali ochepa, kunabuka chizolowezi cha kubwereza. Ana ambiri okhoza koma osasankhidwa analembanso kawiri kapena katatu, ena nasintha ndi maina omwe, kufikira atakalambira m'kalasi limodzi. Otopa nako kudikira analowa m'sukulu za makalata, zimene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinasandulika sukulu za sekondale zoyendera za m'madera.

Pulaimale Yaulere

Mu 1994 Boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ya pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira m'dziko chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwi zambiri analembedwa nchito asanaphunzire uphunzitsi, ndipo makalasi ena anasonkhana pansi pa mitengo. Chipatso cha kuthithikana kumeneku chinaoneka mu 2007, pamene kafukufuku wa SACMEQ anayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, ana a Malawi napezeka pamapeto penipeni pa kuwerenga.

Chigwa chino chinali nao mabvuto akenso. M'mwezi wa March 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, napha anthu mazana angapo ndi kukokolola midzi. Mu 2020 sukulu zonse zinatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, mayeso nachedwa. Ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anatseketsanso sukulu, zambiri za izo nizisanduka misasa ya anthu osowa pogona.

Zotsatira ndi Tanthauzo Lake

Kuyambira 1998, pamene Phalombe anapatuka ku Mulanje nakhala Boma payekha, zotsatira zake ziwerengedwa pazokha, ndipo dzina lake latchulidwa kangapo pakati pa maboma okhoza bwino koposa. Ulemu wake uyenera kupita kwa aphunzitsi, makomiti a sukulu, mafumu ndi makolo. M'dziko lonse, pa zaka za 2020 kufikira 2024, ana oposa 80 mwa 100 alionse olemba anakhoza.

Komabe chiwerengero chotere chibisa zinthu ziwiri. Choyamba, mwa okhozawo ochepera theka ndiwo anapeza malo m'sukulu za sekondale za Boma. Chachiwiri, chiwerengerocho chidziwa okhawo amene anakhala pa desiki tsiku la mayeso. Sichidziwa mnyamata amene analekeza Sitandade 4 napita kukasodza ku nyanja ya Chilwa kapena kukagwira ganyu ku Mozambique, kapena mtsikana amene anakwatiwa asanafike Sitandade 7, ngakhale kuti lamulo la maphunziro la 2013 likakamiza mwana aliyense kupita ku pulaimale, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko aletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene akhoza Sitandade 8 ndiye amene anadziwa kuwerenga ali Sitandade 2, nadya kanthu m'mawa, napezeka m'kalasi ngakhale pa tsiku la msika ndi pa nyengo yokolola nandolo. Chifukwa chake mamembala a Bungwe, pokambirana zotsatira ndi aphunzitsi aakulu ndi mafumu a m'madera ao, ayenera kufunsa mafunso atatu pamodzi: ndi angati anakhoza, ndi angati anasankhidwa, ndiponso mwa ana amene anayamba Sitandade 1 pamodzi nao, ndi angati anafika pa tsiku lolemba.