Chimene chinagwetsa ufumu wa Akololo

Mu Novembala 1855, David Livingstone pofika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pafupi ndi pomwe pali tauni ya Livingstone lero, n'kuti akuperekezedwa ndi Sekeletu, mfumu ya Akololo, yemwe mphamvu zake zinkafika mpaka kwa Atoka ndi Aleya a m'derali. Pofika 1864 ufumuwo unali utatheratu. Ambiri amaloza chala malungo, koma ine ndikuona kuti nthendayo inangofoola Akololo. Chinawagwetsa ndi kudyana okhaokha. Sebetwane, bambo wa Sekeletu, anachokera kummwera n'kugonjetsa Alozi cha m'ma 1840. Poopa Andebele a Mzilikazi, Akololo anakhazikika ku Linyanti, m'madambo momwe adani ankavutika kuwoloka, komatu madambo omwewo ndiwo ankaswa udzudzu. Anthu okulira m'dziko lopanda malungo anayamba kugwa mmodzimmodzi. Zoterezi zinachitikanso ku Athens mu 430 BC: anthu anathinana m'kati mwa malinga pothawa asilikali a Sparta, mliri n'kubuka, ndipo chaka chotsatira unatenga mtsogoleri wawo Pericles.

Wina anganene kuti malungo okhawo anali okwanira, poti mu 1860 anapha ngakhale mmishonale Holloway Helmore ndi mkazi wake ku Linyanti komweko. Ndi zoona kuti Akololo enieni anachepa kwambiri. Koma sanakhalepo ochuluka chiyambire. Sebetwane ankalamulira chifukwa ankadya ndi anthu amene anawagonjetsa, kuwapatsa ng'ombe ndi maudindo. Athens nayenso anapirira mliri n'kumenyabe nkhondo mpaka 404 BC, atayamba wang'ambika yekha polandana boma mu 411 BC. Koma Sekeletu anataya nzeru za bambo wake. Mu 1853 anapha mbale wake Mpepe polimbirana ufumu, ndipo atagwidwa ndi khate anadzitsekera m'nyumba, osaonekera kwa anthu, n'kumapha akuluakulu omwe ankawaganizira kuti amulodza. Chomvetsa chisoni n'chakuti amuna amene malungo anawasiya ndi omwe mfumu yawo inawatsiriza kapena kuwathawitsa. Sekeletu atamwalira mu 1863, otsalawo anakanganirana mpando, ndipo chaka chotsatira Alozi motsogozedwa ndi Njekwa anaukira, kupha amuna achikololo, kusunga akazi ndi ana, n'kulonga Sipopa ufumu. Ena mwa anthu a Sekeletu amene anatsagana ndi Livingstone, monga Kasisi ndi Chipatula, n'kuti ali kutali m'chigwa cha Shire, komwe anasanduka mafumu a Magololo.