Kudula Malire ndi Kugawa Mphamvu

Ife a ku Chifunde nkhani yodula malire sitimangoimva kwa anzathu ayi. Makolo athu ankalamulidwa ndi Undi, yemwe likulu lake linali ku Mano, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi. Pa 11 Juni 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anasainirana pangano ku Lisbon, ndipo Acewa a mbumba imodzi anapezeka ali m'maiko atatu. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia. N'cifukwa cake lero, tikamapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, timaoloka pa Cassacatiza ngati alendo kwa mfumu yathu yomwe.

Ndayamba ndi mbiri imeneyi cifukwa ndimamva ena akunena kuti provinsiya ya Tete yakula kwambiri, ndi bwino aidule pawiri kuti boma liyandikire anthu a kumpoto kuno. Maganizo otere si acilendo. Dziko la Nigeria, komwe cigawo ciliconse cili ndi boma lakelake, lidayesa njira imeneyi. Polandira ufulu mu 1960 linali ndi zigawo zitatu, mu 1967 zinakhala 12, ndipo mu 1996 zinafika 36. Komabe mpaka lero mitundu ina ikupemphabe zigawo zatsopano, pakuti cigawo cikabadwa, mumapezekanso ena odandaula kuti aiwalidwa.

Mozambique silinatsate dongosolo la Nigeria, koma nalonso lakhala likudula. Mu 1980 mzinda wa Maputo unapatulidwa ku provinsiya ya Maputo. Mu 2013 kuno ku Tete kunabadwa madisitirito awiri: Dôa anacoka ku Mutarara, Marara anacoka ku Changara.

Mkangano woopsa unabuka pa funso lina, la yemwe azilamulira zigawo zomwe zilipo kale. Zisankho za 2014 zitatha, Afonso Dhlakama ndi cipani ca Renamo anafuna kuti Sofala, Manica, Tete, Zambézia, Nampula ndi Niassa azidziyendetsera okha zinthu, ponena kuti kumeneko iwo ndiwo anapambana. Mu Epulo 2015 Nyumba ya Malamulo inakana. Mfuti zinayambanso kulira, ndipo anthu zikwizikwi a ku Moatize ndi madera oyandikana nawo anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Omwe anasiya minda ndi nkhokwe sanali olemba malamulo, anali alimi ngati ife.

Mu 2018 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa, ndipo kuyambira pa cisankho ca pa 15 Okutobala 2019 bwanamkubwa wa provinsiya amacokera ku mavoti a anthu. Koma pambali pake anaikapo Secretário de Estado, wosankhidwa ndi Pulezidenti, yemwe anapatsidwa mbali yaikulu ya nchito za boma. Lonjezo lakuti mu 2024 tidzasankha tokha atsogoleri a madisitirito linaimitsidwa mu 2023. Conco wolamulira Chifunde amasankhidwabe ndi akuluakulu, osati ife okhala ku Mualadzi kapena ku N'sadzo.

Zimene ndatolapo pa mbiri yonseyi ndi izi: mzere wa pa mapu pawokha subweretsa cipatala pafupi, sukonza mlatho, sukweza mtengo wa fodya kapena cimanga. Malire a 1891 anadulidwa popanda kutifunsa. Enawa akuti amadulira ife, koma ndalama ndi mawu omaliza zimatsalabe kutali. Akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Wina akadzabwera ndi nkhani yogawa Tete, ine ndidzamufunsa mafunso atatu. Mtsogoleri wa cigawo catsopanoco adzamusankha ndani? Msonkho wotoleredwa kuno, gawo lanji lidzatsala kuno? Nanga akalephera nchito, tidzatha kumucotsa ndi voti yathu? Ngati mayankho palibe, ndiye kuti tangoonjezera maofesi ndi magalimoto a mabwana.